Misomali Yanga mu Mtengo wa Mapeyala

Uthenga unandipeza ndili pampopi, ndowa ili pamutu, madzi akutsikira m'khosi. Anabwera nawo ndi akalipentala achisilamu a kumtunda kwathu, amene Ndirande yense ankangowatchula kuti Che Fundi. Munthu ameneyu sankathamanga ngakhale mvula igwe ya matalala, koma tsiku limenelo ankathamanga, mkanjo atautsina m'manja.

"Mayi, tulani ndowa! Amuna anu agula!"

"Agula chiyani, Che Fundi?"

"Makina aja! Ochekera matabwa! Ali pa lole, akukwera nawo!"

Ine ndowa sindinatule ayi. Ndinavina nayo. Ndinavina kuchokera pampopi mpaka pakhomo, nthungululu ili m'mwamba, madzi ali pansi, ndipo pofika m'ndowamo munatsala ongosambitsa mphaka. Nyimbo inangobwera yokha, monga imandibwererabe lero ndili ndi zidzukulu zodzaza mphasa:

Kwathu kugwa utuchi, eee,
kwanu kugwa fumbi!
Kwathu kununkhira thabwa, eee,
kwanu kununkha utsi!

Mwaimva nyimboyo? Ya matama. Isungeni, tidzaipeza kutsogolo.

Bambo a kunyumba kwanga ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. M'mawa kutsika, madzulo kukwera, zaka ndi zaka. Koma mtima wawo sunali ku fakitale, unali pa matabwa. Loweruka lililonse ankakakhala pa shedi ya Che Fundi, kununkhiza thabwa ili, kusisita lija, n'kubwerako utuchi uli m'tsitsi. Iwo okha anali asanachekepo thabwa ndi limodzi lomwe. Atamva kuti esiteti ina ya tiyi ku Thyolo ikugulitsa katundu wake wakale, tulo tinawathawa.

"Si za geni ayi, mayi," ankatero. "Ndingofuna ndione thabwa likutuluka m'chipika ndi manja angawa. Loweruka langa likhale langa."

Makinawo sanali aakulu. Amuna anayi anawatsitsa pa lole n'kuwaika kuseri kwa nyumba. Chitsulo chachitali ngati bedi la kuchipatala, kainjini ka petulo kumutu, lamba wakuda, ndi sowo yozungulira ngati lichero, mano ali waliwali. Ine ndinawapukuta ndi nsanza yonyowa ngati mwana wobadwa kumene.

Tsono vuto linali limodzi: makina alipo, chipika palibe. Phiri nthawi imeneyo linali ndi mitengo yake, yobiriwira mpaka pamwamba, koma inali ya boma, ndipo alonda ake sankaseka ndi munthu. Bambo anakhala pakhonde masiku awiri, akuyang'ana makina, akuyang'ana phiri.

Ndine ndinati, "Dulani wa mapeyalawu." Ndine, osati wina. Mizu yake inali itang'amba kale khonde, koma chimene chinkandikankha ine sichinali khonde. Ndinali nditaitana kale anthu. Amayi a ku tchalitchi, a pampopi, alamu anga a ku Zingwangwa, mlongo wawo wa bambo, onse ndinawauza kuti Loweruka abwere adzaone. Mapira a thobwa anali atamera kale.

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ndinene za mtengowo.

Unali m'malire, pafupi ndi mpanda wa aneba anga, mayi wachilomwe, wamasiye, amene ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Tinkaitanizana kuti achemwali. Mchere ukatha kwanga unkadutsa pamwamba pa mpanda, moto ukazima kwawo unkadutsa pomwepo. Mtengowo unakula, unatalika, unapitirira denga, koma chipatso ayi. Maluwa mbwee, kenako onse pansi. Chaka chino pansi, chaka chinacho pansi.

Tsiku lina aneba anati, "Achemwali, mtengo wouma mutu umafuna msomali. Kwathu timaukhoma kuzungulira thunthu, uchite mantha, ubereke."

Ndinawauza bambo. Bambo anali mkulu wa mpingo, wa jekete ndi tayi, wowerenga mawu kutsogolo. Anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Zachikunja zimenezo pakhomo panga ayi. Chipatso amapatsa ndi Mulungu, osati hamala." Nkhani inathera pomwepo.

Inathera pakamwa, koma m'mutu mwanga sinathe. Masana ena, bambo ali ku Makata, chitsirizira changa chili kumbuyo, ndinabwereka hamala kwa aneba, misomali anandipatsa omwewo, isanu ndi iwiri, italiitali yokhomera denga. Ndinazungulira kuseri, mbali ya kumpanda kumene bambo sankafikako, ndipo ndinakhoma. Kho! Kho! Kho! Mwana kumbuyo ankadumpha ndi hamala iliyonse. Chaka chotsatira mtengo unabereka mpaka nthambi kuthyoka. Kaya ndi misomali, kaya inali nthawi yake, ine sindidziwa. Bambo ankadya mapeyala ndi shuga n'kumati, "Waona, mayi? Kudikira pa Ambuye." Ine n'kumati, "Ame." Khungwa linatseka, mwana uja anakula mpaka kukwatiwa, ine ndinaiwala.

Anaugwetsa Lachinayi ndi nkhwangwa, poti Lachisanu Che Fundi amakhala ku mzikiti. Loweruka anthu anadzaza bwalo. Ine ndinavala chilundu chatsopano ndi duku wake. Thobwa linali m'chidebe chachikulu pafupi ndi khonde, aneba anga akutunga n'kumagawa m'makapu. Amuna anagubuduza chipika n'kuchikweza pa makina.

Che Fundi anachizungulira, akuchigogoda ndi chala. Kenako anati kwa bambo, "Achimwene, mtengo wa m'nkhalango ndi wina, wa pakhomo ndi wina. Wa pakhomo umadya zinthu. Waya wa zovala, msomali wopachikapo thumba, umameza, khungwa n'kutseka pakamwa. Sowo ikakumana ndi chitsulo ndi maliro. Muno mulibe kanthu?"

Bambo anati, "Ine sindinakhomepo." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, waya wako wa zovala unkamanga pati?"

"Pa nsungwi," ndinatero. Zimenezo zinali zoona.

"Ndiye mulibe chitsulo?"

Pamenepo ndinakumbukira. Zonse zinabwera, hamala, mwana kumbuyo, kho, kho, kho. Ndinayang'ana amayi a ku tchalitchi atakhala pamzere. Ndinayang'ana alamu anga, mlomo atapinda kale poti chilundu changa chinaposa chawo. Ndinayang'ana bambo, mkulu wa mpingo, atavala ovolosi yatsopano, akumwetulira ngati mkwati. Mumtima ndinati, dzimbiri linadya kale, zaka zonsezi, msomali ungakhale bwanji?

"Mulibe," ndinatero. Ndinanena mokweza, mpaka ndinawonjezera kaseko.

Bambo anakoka chingwe. Injini inatsokomola. Anakokanso, inatsokomolanso. Alamu anati, "Achimwene, mwagula nkhalamba ya chifuwa!" Anthu anaseka. Kachitatu inalira, gu-gu-gu-gu, utsi tolo, nkhuku zonse kuthawa. Sowo inalowa m'chipika, utuchi unauluka, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinayamba nyimbo ija. Kwathu kugwa utuchi, eee! Amayi anaipolokeza. M'manja munalira.

Sindinafike mzere wachiwiri.

Khweee! Moto unathetheka. Makina onse anadumpha, lamba anavuka n'kumenya khoma. Chinthu china chinalira mumphepo n'kuboola chidebe cha thobwa, thobwa n'kuyamba kutuluka ngati mkodzo wa ng'ombe. Bambo anakhala pansi, dzanja lili pamaso, magazi akudutsa pakati pa zala. Dzino la sowo linawang'amba pamwamba pa diso. Likanatsika pang'ono, ngati m'lifupi mwa chala changa chaching'onochi, bwenzi diso palibe.

Thobwa lokha ndilo linkayankhula.

Titawamanga bambo bala ndi duku wanga, Che Fundi anatenga nkhwangwa n'kung'amba pamene sowo inaima. Mkati mwa mtengo munali modera ngati inki. Anazula msomali umodzi. Anazula wina. Anaiyala pansi, isanu ndi iwiri, yakuda bii, yosadyeka ngakhale pang'ono. Dzimbiri limene ndinkalidalira linali litandinamiza.

Alamu anga anawerama, anayang'ana misomali, anayang'ana chitsa pamene mtengo unali. Anali anzeru pa zoipa mayi amene uja.

"Achimwene, akukhomerani! Iyi si misomali ya zovala, yakhomedwa mwadongosolo. Ndipo taonani kumene yalowera. Mbali iti? Ya kumpanda! Amaima mbali imeneyo ndani?"

Mitu yonse inatembenuka. Aneba anga anali chiimire, makapu awiri ali m'manja. Sanayang'ane alamu, sanayang'ane anthu. Anayang'ana ine. Anandiyang'ana modikira, monga muja umadikira mnzako kuti akusenzetse ndowa.

Ine ndinayang'ana thobwa likulowa m'dothi.

Anaika makapu pakhonde bwinobwino, anapukuta manja, n'kuzungulira kupita kwawo.

Ndalemba nyimbo zambiri m'kope ili ndi zilembo zanga zokhotakhota za ku sukulu ya kwacha, koma masabata awiri otsatirawo alibe nyimbo. Zitumbuwa za aneba zinkapita kumsewu m'mawa, n'kubwerako madzulo zili zomwezo. Pampopi, akaika ndowa yawo pamzere, amayi ankasuntha zawo. Amayi omwe aja, amene aneba anawathandiza pobereka, amene anawasambitsira maliro. Ine ndinayamba kutunga madzi dzuwa lili paliwombo kuti tisakumane. Popita kumsika ndinkadzera njira ya kumiyala. Bambo ankapita ku ntchito ndi pulasitala pamaso, makina ataphimbidwa ndi chiguduli kuseri, ndipo madzulo ankapemphera kuti Mulungu afewetse mtima wa amene anatichitira zimenezi. Ine n'kumati, "Ame." Ame yemwe uja.

Tsiku lina ndikuyanika zovala, mawu anadutsa pamwamba pa mpanda.

"Achemwali, diso la abambo lili bwanji?"

Ndinayankha osatembenuka. "Likupola."

"Zikomo Ambuye."

"Achemwali," ndinanong'ona, "bwanji simukunena?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndinene chiyani? Ine ndilibe mwamuna woti achite nane manyazi pa mpingo. Inu muli naye. Pakamwa ndi panu."

Ndinalowa m'nyumba, zovala zina zili m'beseni. Ndipo ngakhale pamenepo sindinanene. Lembani zimenezo, inu owerenga, pa dzina langa.

Alamu anga sanagone nayo nkhani. Anaitengera kwa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Masiku amenewo a tcheyamani akati khala pansi, unkakhala pansi ngakhale pamatope. Ndipo nkhani inasintha mtundu. Anthu anayamba kukumbutsana kuti aneba anga anabadwira kutsidya kwa malire, anabwera kuno ali kumbuyo kwa mayi awo. Zaka zonsezi palibe anazifunsa, khadi la chipani anali nalo ngati ife tonse, ankavina nafe pamzere umodzi. Koma tsopano kunali nkhondo kwawoko, anthu othawa ankasonkhanitsidwa m'misasa, ndipo pampopi mawu anali amodzi: apite kwa anzawo. Mlandu anauika Lamulungu masana.

Loweruka ndinasuzumira pa mpata wa mpanda. Ndinaona aneba atayala chitenje pansi, akumangamo mapoto. Chiwaya cha zitumbuwa anachipukuta ndi phulusa, anachikulunga pachokha. Sankalira. Ankamanga mfundo, kukoka, kumanganso. Munthu akusamuka m'nyumba imene amuna ake anaumba njerwa zake, chifukwa cha mapeyala amene ine ndinadya.

Lamulungu tinakhala pabwalo la a tcheyamani, amuna pamipando, amayi pansi. Misomali inali pa mbale ya malata patebulo. Alamu anayankhula nthawi yaitali, anafika mpaka pa nkhuku zathu zimene zinafa ndi chitopa kalekale. Kenako a tcheyamani anakweza mbale.

"Mayi, misomali iyi mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa, bambo," anatero aneba. "Inali ya malemu amuna anga."

Bwalo linati wooo. Alamu anaomba m'manja kamodzi.

"Anakhoma mumtengo ndani?"

Aneba anangoyang'ana zala zawo.

Miyendo yanga ndi imene inayamba, mutu unatsatira pambuyo. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pakati. Mawu anga awa, amene amamveka kuchokera kumsika mpaka kuphiri, anatuluka ngati a mwanapiye.

"Ndinakhoma ndine."

"Kwezani mawu, mayi."

"Ndinakhoma ndine, a tcheyamani! Kuti mtengo ubereke. Bambo anandiletsa, ine ndinakhoma mobisa, mbali ya kumpanda kuti asaone. Che Fundi anafunsa, ine ndinati mulibe. Mayi awa anangondibwereka hamala n'kundipatsa misomali."

A tcheyamani anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Nanga mtengowo unabereka?"

"Unabereka, a tcheyamani. Inunso munadyako."

Anthu anaphulika. Anaseka amuna, anaseka amayi, wina anagwa pampando. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akulu a mpingo akhala akudya mapeyala a hamala!" Kusekako kunali kowawa kuposa ndodo. Ndinali chigwadire, nkhope ikutentha ngati chiwaya. Awiri okha sanaseke: aneba anga ndi bambo. Bambo anaimirira, anavala chipewa, n'kumapita okha, msana uli woongoka.

Kunyumba ndinawapeza atakhala pafupi ndi makina. Ndinagwada pataliko.

"Misomali sindikuidandaula," anatero osandiyang'ana. "Mapeyala ndinadya, anali okoma. Sowo sindikuidandaula, ndi chitsulo. Diso ndili nalo. Koma masabata awiri, mayi, ine ndikupempherera mfiti, iwe uli pambali panga ukuti ame, munthu kuseri kwa mpanda akumanga mapoto."

Ndinakhala chigwadire.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, anavala jekete la ku tchalitchi n'kuzungulira kukagogoda kwa aneba. Ine pambuyo, nkhuku m'khwapa, ufa pamutu. Bambo anapepesa choimirira, ine chogwada. Aneba analandira nkhuku, anaiyeza kulemera m'manja, n'kunena kuti, "Mwachedwa, achemwali. Koma mwafika." Sanandigwire dzanja. Mchere unatenga miyezi usanadutsenso pamwamba pa mpanda, ndipo sindiwada nazo. Alamu anga, iwo, anangoti, "Nanga ine ndikanadziwa bwanji?" n'kukwera basi ya ku Zingwangwa.

Che Fundi anatenga sowo ija n'kukhala nayo masiku ambiri, akuinola ndi tupa. Mano atatu anali atapita osabwereranso. "Idzacheka," anatero, "koma ngati agogo akutafuna chimanga chokazinga. Pang'onopang'ono." Asanaikenso chipika pa makina, anafunsa ngati mwatsala chitsulo china. Ine ndinatsegula pakamwa, koma iwo anati, "Pepani mayi, ndikufunsa awa." Ankanena aneba, amene anaima kumpanda. Ndinameza. Zinandiyenera.

Aneba anabwera, anayeza chipika ndi dzanja. "Anakhoma atawerama, mwana ali kumbuyo. Sanapitirire m'chiuno. Dulani apa, kumtundaku n'koyera."

Anadula tsinde lonselo n'kulitaya ku nkhuni. Loweruka limenelo sindinaitane munthu, sindinaphike thobwa, ndinavala chitenje changa chakale chakumunda. Koma injini itangolira, anthu anabwera okha. Bambo anakankha mwamantha, thukuta lili chuchuchu, Che Fundi akukuwa kuti, "Musaikakamize, achimwene, si ng'ombe!" Thabwa loyamba linatuluka lonenepa kumutu, loonda kumiyendo, pakati pali mafunde. Bambo analinyamula m'manja awiri, analinunkhiza, ndipo ndinaona chilonda chija pamwamba pa diso chikunjenjemera.

Sanalilowetse m'nyumba mwathu. Analiika pamwamba pa mpanda.

"Mayi, ili ndi la tebulo la zitumbuwa. Miyendo ndikhoma mawa."

Aneba analisisita, analitembenuza. "Lokhota," anatero.

"Wocheka wake ndi wa sitandade wani," anatero Che Fundi.

Ine ndinali pakona ya nyumba, manja m'khwapa, nyimbo ili pakhosi koma yosayenera kutuluka. Nyimbo ya kwathu ndi kwanu ija sindinaiimbenso mpaka lero, ndangoilemba muno kuti muone mmene ndinalili. Ndiye aneba anandiyang'ana, monga anandiyang'anira tsiku la thobwa lija, n'kukweza mutu, n'kuyamba nthungululu okha. Anaima pakati, akundidikira. Ulendo uno sindinayang'ane pansi. Ndinailandira, misozi ikulowa m'kamwa.

Ndipo anabwera kudzasangalala, ndiwatchule onse, eee. Anabwera Che Fundi ndi akazi awo ndi tupa lawo m'thumba. Anabwera a tcheyamani, anapempha thabwa la benchi, analandira lokhota kuposa loyamba. Anabwera amayi a pampopi aja, maso ali pansi ngati anga, aliyense atagula chitumbuwa m'mawa mwake. Anabwera amayi a ku tchalitchi, ndi abusa pambuyo pawo akunamizira kuti akungodutsa. Anabwera atelala a pakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi. Anabwera owotcha chimanga a pa siteji, anabwera osoka nsapato, anabwera anzawo a bambo atatu a ku Makata. Anabwera mwana wanga chitsirizira, uja anali kumbuyo tsiku la hamala, naye ali ndi wake kumbuyo. Analipo bambo a kunyumba kwanga, utuchi m'tsitsi, chipsera pamaso. Ndipo analipo achemwali anga a kuseri kwa mpanda, mapoto atamasula, thabwa lokhota lili m'manja.